Laisensi wapeza, koma msewu sanaudziwe: mmene mungatetezere mwana wanu woyamba kuyendetsa galimoto

Tsiku limene mwana wabwera ndi laisensi m'manja, pakhomo pamakhala chimwemwe. Iye amaona ngati wamaliza maphunziro, ndipo makolo ambiri amapumira m'mwamba, ati tapeza womutuma. Komatu mayeso a laisensi amangoona ngati munthu akutha kunyamutsa galimoto, kukhota, kubwerera chammbuyo ndi kumvera zikwangwani kwa kanthawi kochepa, masana, ali tcheru chifukwa womuyesa wakhala pambali pake. Sayesa zimene angachite usiku mvula ikukhuthuka, anzake atatu akuseka kumbuyo, foni ikulira m'thumba.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu ndizo zikupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa china chilichonse, ndipo lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu chaka chilichonse. Ku America, madalaivala a zaka 16 mpaka 19 amapezeka m'ngozi zakupha pafupifupi katatu kuposa a zaka 20 kupita m'tsogolo, tikayerekeza mtunda wofanana umene ayenda. Miyezi yoyambirira atangoyamba kuyendetsa okha ndiyo yoopsa koposa.

Si kuti ana amenewa satha kugwira chiwongolero. Ambiri amachigwira bwino kuposa ife. Manja amaphunzira msanga, maso ndiwo amachedwa. Dalaivala wakale akaona mpira ukugubuduzika kulowa mumsewu, phazi limakhala lafika kale pa buleki chifukwa akudziwa kuti pambuyo pa mpira pali mwana. Watsopano amangoona mpira. Nzeru imeneyi siilembedwa m'buku la malamulo apamsewu, imabwera ndi maola. Chinanso, mbali ya ubongo imene imabweza munthu akafuna kuchita zinthu mopupuluma imapitiriza kukhwima mpaka kupyola zaka 20, ndipo anzake akakhala pafupi, mtima wofuna kudzionetsa umaiposa mphamvu.

Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere imfotere yekha. Pa zinthu zambiri ndimagwirizana nawo. Pa galimoto ayi, chifukwa kumeneko phunziro loyamba likhoza kukhala lomaliza, ndipo wovulala sakhala iye yekha. Ndiye ntchito ya kholo, kapena aliyense amene akulera mwanayo, ndi iwiri: kumuunjikira maola oyendetsa inu muli pambali pake, ndi kumumasulira ufulu pang'onopang'ono, osati wonse tsiku limodzi.

Muyambe mwadziyang'ana nokha

Mwanayo anayamba kuphunzira kuyendetsa kalekale ali pampando wakumbuyo. Waona kangati mukuyankha foni chiwongolero chili m'dzanja limodzi, kapena mukumanga lamba pokhapokha mwaona apolisi patsogolo? Make mbuu, mwana mbuu. Musanamuuze lamulo lililonse, liyambeni ndinu, ndipo mumuuze poyera kuti, "Mwanangu, izi ndakhala ndikulakwitsa, ndasiya, ukandiona ndabwereza undidzudzule." Adzakudzudzulanidi, ndipo mupirire.

Maola, maola, maola

Apa ndipo pagona nkhani. M'zigawo za Victoria ndi New South Wales ku Australia, wachinyamata wophunzira kuyendetsa amayenera kukwanitsa maola 120 ali ndi womuyang'anira, 20 mwa iwo akhale a usiku, asanaloledwe kukayesa mayeso. Ku Germany, kuyambira mu 2011 wa zaka 17 akhoza kukhoza mayeso n'kuyamba kuyendetsa, koma munthu wamkulu azikhala pambali pake mpaka atakwanitsa zaka 18. Kaya lamulo la dziko lanu likunena zochepa bwanji, tengani maola 120 amenewa akhale muyeso wa pakhomo panu. Akuoneka ambiri, koma maola awiri kapena atatu pa sabata amakwana m'chaka chimodzi, ndipo simufunika kupanga maulendo apadera. Ulendo uliwonse umene mukadayendetsa inu, ayendetse iyeyo. Mungoyamba mwaonetsetsa kuti mapepala ake ophunzirira ndi inshuwalansi ya galimoto zikumuloleza kutero.

Gulani kabuku kakang'ono kazikhala m'galimoto. Ulendo ukatha, lembani tsiku, nthawi imene mwayenda, mtundu wa msewu, nyengo, ndi chinthu chimodzi chimene chamuvuta. Kabukuka kamaulula zobisika. Mukhoza kupeza kuti maola 40 onse mwawathera pa msewu umodzi womwewo, masana, kuli dzuwa. Pamenepo mwanayo wangoloweza msewu umodzi, sanaphunzire kuyendetsa.

Yambani pamalo opanda magalimoto, azolowere kunyamuka, kuima bwinobwino ndi kuima mwadzidzidzi. Kuima mwadzidzidziku makolo ambiri amakudumpha, chonsecho n'kofunika kwambiri. Pa liwiro lochepa, mwaonetsetsa kuti kumbuyo kulibe kanthu, muuzeni aponde buleki ndi mphamvu zake zonse. Ngati galimoto ili ndi ABS, kachipangizo koletsa matayala kuuma n'kuyamba kukhwekhwereka munthu akaponda buleki mwamphamvu, buleki imanjenjemera pansi pa phazi ndipo pamamveka phokoso la gululu. Munthu amene sanamvepo zimenezi amadzidzimuka n'kuchotsa phazi, akuganiza kuti china chathyoka, pamene m'pofunika apondebe osasiya. Azimve lero pabwalo, asadzazimve koyamba patsogolo pali munthu.

Mukachoka apo pitani m'timisewu tabata, kenako m'misewu ya magalimoto ambiri, pa maloboti, pa mphambano zopanda zikwangwani, pa raundabauti, kenako msewu waukulu wothamanga. Mukatero mubwereze zonsezo madzulo dzuwa likuthobwa m'maso, usiku, ndiponso m'mvula. Msewu wafumbi kapena wa timiyala nawonso uli ndi phunziro lake, chifukwa matayala sagwira pansi ngati pa phula. Osathamangira gawo lotsatira chifukwa choti mwanayo watopa nalo ili. Muzisuntha mukaona kuti inuyo mwakhala ulendo wonse osaponda buleki yam'maganizo pansi pa mpando wanu.

Njira imene ndaiona ikuthandiza kwambiri pophunzitsa maso ndi yoti azilankhula zimene akuona uku akuyendetsa. "Patsogolo basi yaima, mwina wina atulukira kutsogolo kwake, ndikuchepetsa. Wanjinga uyo akuyang'ana kumbuyo, akufuna kukhota. Galimoto iyo matayala ake apenyetsa kumsewu, itha kutuluka." Poyamba amachita manyazi, ndiye yambani ndinu tsiku limene mukuyendetsa, iye azimvetsera. Mukamamva zimene akutchula, mumadziwa zimene sakuziona. Ambiri oyamba kumene amangoyang'ana pamphuno pa galimoto. Mukumbutseni aziponya maso patali, aziyang'ana magalasi pafupipafupi, ndipo asanasinthe mbali ya msewu azicheuka pang'ono, chifukwa pali kamalo m'mbali mwa galimoto kamene galasi silionetsa, ndipo njinga yamoto imabisala yonse mmenemo.

Tsono kalankhulidwe kanu. Ine tsiku loyamba kuphunzitsa mwana wanga wamkazi ndinakuwa kuti "Buleki!" tikuyandikira pokhota. Anauma gwa, manja njenjenje, ndipo m'malo moponda buleki anandiyang'ana ine. Tinaima bwinobwino, koma kwa masabata awiri sanafune kukhudzanso makiyi. Wolakwa ndinali ine, chifukwa pokhotapo ndinali nditapaona kale patali koma ndinadikira kuti ndione ngati apaona yekha. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kulankhula nthawi ikadalipo, ndi mawu otsika: "Tikafika pa mtengo uwo uyambe kuchepetsa." Zolakwa zazing'ono muzisunge mpaka muime, ndipo muyambe ndi kumufunsa kuti iye waona kuti zayenda bwanji. Tsiku limene mwakangana kunyumba, kapena inu mwatopa, phunziro lilekeni. Ndipo ngati mukudzidziwa kuti mtima wanu ndi wapachala, palibe chochititsa manyazi kupempha wachibale wodekha kapena mphunzitsi wa kusukulu yoyendetsa galimoto kuti atenge mbali yaikulu.

Liwiro mumufotokozere ndi mamita

Kuuza wachinyamata kuti "usamathamange" kuli ngati kuthira madzi pa msana wa bakha. Muuzeni manambala. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Pa 100 imadutsa pafupifupi 28. Ndiye pa kasekondi kamene maso aona chinthu phazi lisanafike pa buleki, mtunda wonsewo wapita kale. Buleki ikagwira, mtunda woti galimoto iime sukula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi.

Chitsanzo chimene chimawakhudza ndi ichi. Magalimoto awiri ayendera limodzi pa msewu wouma, ina pa 50, ina pa 60, ndipo mwana wathamangira mumsewu. Onse awiri aponda buleki nthawi imodzi. Pamalo pamene ya 50 yaimira, ya 60 imakhala ikuyendabe pafupifupi makilomita 40 pa ola. Kusiyana kwa 10 kokha kumeneko ndiko kumasiyanitsa kudzidzimuka ndi maliro. WHO imati ngozi yoti munthu woyenda pansi afe akagundidwa imakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa 50 kufika pa 65.

Muphunzitseninso kusiya mpata wa masekondi atatu. Galimoto yakutsogolo ikadutsa chikwangwani kapena mtengo, awerenge masekondi atatu modekha. Akafika pamenepo asanamalize kuwerenga, ndiye kuti wayandikira kwambiri. M'mvula mpatawo auwirikize kawiri. Kupitirira galimoto ina pa msewu umene magalimoto amakumana, ine ndinaletseratu m'miyezi yoyamba, kupatula ngati ndili momwemo. Kuyeza liwiro la galimoto imene ikubwera kutsogolo ndi luso limene limabwera mochedwa kwambiri.

Pangano lisanafike tsiku la makiyi

Nkhanga zinapangana kusanapse. Malamulo a pakhomo muwakambirane laisensi isanabwere, muwalembe papepala, nonse musayine. Lamulo lotulukira pakhomo mwana atanyamula kale makiyi, anzake akumudikira, limangobala mkangano.

Maganizo omasula ufulu pang'onopang'ono si anga. New Zealand inayamba dongosolo lotere mu 1987, chigawo cha Ontario ku Canada chinatsatira mu 1994, ndipo Florida ku America mu 1996. Ku New Zealand, amene ali ndi laisensi ya gawo lachiwiri saloledwa kuyendetsa yekha kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, komanso saloledwa kunyamula anzake popanda womuyang'anira. Inu mukhoza kuchita zomwezo pakhomo panu ngakhale boma lisanakuuzeni.

Za anzake ndiye mulimbepo kwambiri, chifukwa apa m'pamene adzakukakamizeni. Kafukufuku wa bungwe la AAA Foundation for Traffic Safety ku America wa mu 2012 anapeza kuti dalaivala wa zaka 16 kapena 17 akanyamula mnzake mmodzi wosakwana zaka 21, ngozi yoti afe imakwera ndi 44 peresenti. Akanyamula awiri imawirikiza kawiri, akanyamula atatu kapena kuposerapo imawirikiza kanayi. Koma akakhala ndi munthu wa zaka 35 kupita m'tsogolo, imatsika ndi 62 peresenti. Sikuti anzakewo ndi ana oipa. Akhoza kukhala aulemu onse. Kungoti nkhani ikakoma maso amachoka pamsewu, ndipo palibe wachinyamata amene amafuna kuoneka wamantha pamaso pa anzake. Choncho miyezi isanu ndi umodzi yoyamba asanyamule mnzake aliyense, miyezi isanu ndi umodzi yotsatira mmodzi yekha. Azing'ono ake nawonso muwawerengere m'gulu lomweli, ngakhale ndikudziwa kuti kumutuma kukawatenga kusukulu kumapeputsa ntchito. Adzadandaula kuti anzake amuseka. Muuzeni kuti mlandu auponye kwa inu: "Amayi anga ndi ovuta, akamva andilanda makiyi." Kukhala kholo lovuta m'kamwa mwa ana a eni si chinthu choti chikusowetseni tulo.

Usiku muike ola lofikira pakhomo, ndipo muzilisuntha pang'onopang'ono miyezi ikamapita bwino.

Foni isakhale pamiyendo kapena m'kabowo koikamo kapu. Aitseke mawu, aiike m'chikwama kumpando wakumbuyo. Ngati akufuna mapu kapena nyimbo, atchere asananyamuke. WHO imati woyendetsa amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwira, ndipo kulankhula osaigwira m'manja sikuchotsa vutolo kwenikweni, chifukwa maganizo amakhala ali kwina. Pa liwiro la 90, kuwerenga uthenga kwa masekondi asanu ndi kuyenda mamita 125 osaona kutsogolo, mtunda woposa bwalo la mpira. Ndipo inu makolo, musamamuimbire pamene mukudziwa kuti ali pamsewu. Mwana amaopa kusayankha foni ya kholo. Gwirizanani kuti iye ndiye azikuimbirani akafika.

Lamba ndi wa aliyense, kutsogolo ndi kumbuyo, galimoto isanasunthe. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene timamangayu anapangidwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo mpaka lero amachepetsa pafupifupi ndi theka ngozi yoti wokhala kutsogolo afe. Wakumbuyo amene sanamange sadziika pangozi yekha, chifukwa galimoto ikagunda thupi lake limauluka n'kukaphwanya wakutsogolo.

Mowa, chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo, muyeso wake ndi ziro. WHO imalimbikitsa kuti malire a mowa m'magazi akhale 0.05 kwa madalaivala ena onse koma 0.02 kwa achinyamata ndi oyamba kumene, ndipo Germany inaletseratu mowa kwa oyendetsa osakwana zaka 21 kuyambira mu 2007. Mankhwala ena a chimfine ndi a ziwengo amagonetsa, choncho aziwerenga kapepala kake. Tulo nato n'chimodzimodzi. Ofufuza a ku Australia anapeza mu 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 m'magazi. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo amene wachezera kuwerengera mayeso asayendetse m'mawa mwake. Kutsegula windo kapena kukweza wailesi sikuthamangitsa tulo.

M'panganomo mukhalenso mbali yanu, ndipo iyi ndiyo yovuta kuisunga. Mulonjezeni kuti nthawi iliyonse, kulikonse kumene ali, ngati wamwa, kapena amene amayenera kumuyendetsa wamwa, kapena akungoona kuti sangathe, akuimbireni ndipo mudzapita kukamutenga kapena mudzamupezera njira ina yofikira kunyumba, popanda kumukalipira usiku umenewo. Nkhani mudzakamba kukacha. Tsiku limene adzaimbedi 1 koloko usiku n'kunena kuti, "Bambo, ndalakwitsa, bwerani mudzanditenge," mtima udzakuwirani, koma mudzaugwire. Mukadzamulalatira m'galimoto, ulendo wina sadzaimba, adzangoyendetsa.

Galimoto imene mukumupatsa

Ambiri amati wophunzira apatsidwe chiphapha chifukwa achigunditsa ndithu. Maganizo amenewa ndi ozondoka. Woyendetsa amene ali pangozi kwambiri m'banja ndiye ayenera kukhala m'galimoto yoteteza kwambiri imene mungakwanitse. Isakhale ya injini yamphamvu yokopa kuthamanga. Ngati mungasankhe, sankhani yokhala ndi ABS, ma airbag (matumba a mpweya amene amafufuma galimoto ikagunda), ndi ESC, kachipangizo kamene kamagwira buleki ya tayala limodzilimodzi galimoto ikayamba kutsetsereka pokhota. Ku America magalimoto atsopano anayamba kukakamizidwa kukhala nako kuyambira a 2012, ku European Union kuyambira mu November 2014.

Kaya galimoto ndi yakale, matayala ndi mabuleki zikhale zabwino. M'mayiko ambiri mizere ya tayala siyenera kuchepera mamilimita 1.6, koma m'mvula tayala limayamba kutaya mphamvu lisanafike pamenepo. Kamodzi pa mwezi muziona limodzi mpweya wa matayala, oilo, madzi, magetsi onse ndi mawaipa, iye akuchita inu mukuyang'ana. Asinthenso tayala kamodzi pakhomo, masana, asadzaphunzirire m'mbali mwa msewu mumdima.

Ngati chimene wayamba nacho ndi njinga yamoto, zonse zimene tanenazi zikugwirabe ntchito, kuwonjezapo chipewa cholimba chomukwana bwino, chomangidwa pachibwano ulendo uliwonse. Chipewa chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi.

Zikavuta

Muyeserere limodzi zoyenera kuchita galimoto ikawonongeka kapena akachita ngozi, chifukwa munthu akachita mantha mutu umaima. Aimike galimoto kunja kwa msewu ngati ingasunthe, ayatse mahazadi, aike zikwangwani zofiira za makona atatu patali ndithu, iye ndi onse achoke mumsewu. Ngati pali wovulala, aimbire chithandizo chachangu ndi apolisi, kenako inu. Wovulala asamusunthe pokhapokha ngati pali moto kapena magalimoto ena angamugunde. Ajambule zithunzi, alembe nambala ya galimoto inayo, asakangane ndi munthu. Manambala ofunika alembedwenso papepala m'galimoto, poti foni imatha kusweka kapena kutha moto.

Pangano akaliphwanya, ndipo tsiku lina adzaliphwanya, chilango chikhale chimene munalemba kale, osati chimene mkwiyo wakuuzani. Kumulanda galimoto kwa miyezi kumamuchotsera maola amene akufunikira. Chabwino n'kumubweza gawo limodzi m'mbuyo. Ngati wanyamula anzake mobisa, kwa masabata angapo aziyendetsa pokhapokha inu muli momwemo. Akabwera yekha kudzaulula kuti wakwapula galimoto pachipata kapena wapatsidwa chindapusa, chilango chichepe kusiyana ndi pamene mwachita kutulukira nokha.

Ngakhale zonse zikuyenda bwino, kamodzi pa mwezi m'chaka choyamba mukhale pampando wa pambali, ayendetse iye. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mantha amatha, ndipo tizizolowezi timayamba kulowa: dzanja limodzi pa chiwongolero, indiketa yoiwalika, mpata wa masekondi atatu utasanduka umodzi. Mukationa, lembani m'kabuku kaja, mudikire aime, ndipo mumufunse ngati nayenso wationa.